Lipoti la nkhani ya rooibos: zaka 27 zolimbirana dzina la tiyi wa ku Cederberg

Lipotili ndalembera atsogoleri a makopaletivi a alimi ndi anzanga a zamalamulo amene timagwirira limodzi nkhani za zizindikiro za malonda. Ntchito yanga ndi yolembetsa mayina a katundu, kuyankha makalata otsutsa, ndi kulangiza anthu amene dzina la katundu wawo latengedwa ndi ena. Mlandu wa rooibos sindinauyimire ndine. Ndi wa ku South Africa, ndipo eni ake ndi alimi a kumeneko. Koma ndimabwererako kawirikawiri ndikamalangiza anthu, chifukwa misampha imene imadikira katundu wotchuka ndi malo ake akangodutsa pachipata cha dziko, alimi a rooibos anagweramo umodziumodzi, ndipo zonse zinalembedwa.

Katundu wake ndi malo ake

Amene anakhalako ku Joni kapena ku Cape Town amamudziwa tiyi wofiira uja wopanda caffeine, amene ngakhale ana amamwa, ndipo m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre sasowa. Si wa mtundu wa tiyi wathu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ayi. Ndi chitsamba cha masamba osongoka ngati singano, chapachibale ndi nyemba, chimene akatswiri a zomera amachitcha Aspalathus linearis. Mawu oti rooibos ndi a Chiafrikaans, kutanthauza chitsamba chofiira. Chimamera pa dothi lamchenga, losauka, la kumapiri a Cederberg cha ku Clanwilliam m'chigawo cha Western Cape, n'kukafika cha ku Nieuwoudtville ku Northern Cape. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira, pomwe miyezi yotentha kumauma kuti gwa.

Kakonzedwe kake tikamvetse bwino, chifukwa pambuyo pake kanalowa m'malamulo. Kumayambiriro kwa chaka, dzuwa likuswa mtengo, anthu amamweta nthambi ndi zikwakwa n'kumanga mitolo. Mitoloyo imalowa m'makina oduladula. Tizidutswato amatiwaza madzi, kutipondereza kuti tiphwanyike, kenako kutiunjika milumilu pabwalo la simenti kuti tigone usiku wonse. Kukamacha, zobiriwira zija zafiira ngati katondo, ndipo mu mulumo mukutuluka fungo lonunkhira ngati uchi. Akatero amayala padzuwa kuti ziume.

Anthu a m'mapirimo ankathyola chitsambachi kutchire malonda ake asanayambe. Mu 1904 Benjamin Ginsberg, wamalonda wochokera ku Russia, anayamba kugula ndi kugulitsa tiyiyu. Cha m'ma 1930 dokotala wa ku Clanwilliam, Pieter le Fras Nortier, anapeza njira yomeretsera njere zake zolimba khungu, ndipo rooibos anachoka kutchire n'kulowa m'munda. Njerezo n'zazing'ono kwambiri, zimathetheka n'kumwazikira mumchenga. Eni dera ndi amene ankadziwa kuti nyerere zimazikokera kumaenje awo, ndipo ankakazifukula kumeneko. Za nyererezi muzisunge, tizifunanso kutsogoloku. Mu 1954 kunakhazikitsidwa bodi yoyendetsa malonda onse a rooibos, ndipo mu 1993 bodiyo inasanduka kampani ya Rooibos Limited.

Chitetezo chimene lipotili likukamba, pa Chingerezi amati geographical indication, mwachidule GI. Ndi dzina limene limauza wogula kuti katunduyu wachokera kwakutikwakuti, ndipo ubwino wake kapena kutchuka kwake kwachokera kumaloko. Chizindikiro cha malonda chimakhala ndi mwini mmodzi, amene angathe kuchigulitsa ngati mmene munthu amagulitsira njinga. GI ndi ya onse olima m'deralo amene akutsata ndondomeko yogwirizana, ndipo siingasamutsidwe kupita kudera lina. Sikuti nthawi zonse limakhala dzina la pamapu. Palibe mudzi kapena phiri lotchedwa Rooibos, monganso ku Greece kulibe mudzi wotchedwa Feta, dzina la tchizi wa kumeneko. Chofunika n'chakuti wogula akamva dzinalo maganizo ake apite kumalo amodzi.

Msampha woyamba: America

Mu 1994 kampani ya ku South Africa komweko, Forever Young, imene inkapanga zodzoladzola zokhala ndi rooibos, inalembetsa mawu oti Rooibos ngati chizindikiro chake cha malonda ku United States. Nthawi imeneyo anthu a kumeneko ambiri anali asanamvepo za tiyiyu, ndiye mawuwo anadutsa mu ofesi ya zizindikiro popanda wowatchinga. Mu 2001 chizindikirocho chinapita m'manja mwa kampani ya Burke International ya ku Texas pa mtengo wa madola 10. Tiyiyu atayamba kuyenda malonda, Burke International inayamba kutumiza makalata kwa ogulitsa tiyi, ena a iwo eni timalo tating'onoting'ono tomwerapo tiyi, kuwauza kuti asiye kutchula dzinalo pa katundu wawo kapena alipire.

Dzina limene makolo awo ankatchulira chitsamba cha kuseri kwa nyumba, alimi a ku Clanwilliam anapezeka akulipempha kwa munthu wa ku Texas. Rooibos Limited inapempha kuti chizindikirocho chifufutidwe, ndipo makampani ena a ku America ogulitsa tiyi nawonso anapita kukhoti. Mu 2005 khoti la ku Missouri linagamula mokomera kampani ya Republic of Tea kuti rooibos ndi dzina wamba, ndipo chaka chomwecho Burke International inasiya chizindikirocho. Nkhondo yonseyi inadya zaka pafupifupi 10 ndi ndalama pafupifupi R6 miliyoni. Madola 10 kugula, R6 miliyoni kuwombola.

Pamenepa ndimaima kaye ndikamafotokozera anthu, chifukwa ambiri amaomba m'manja msanga. Anapambana ndi mfundo yanji? Anapambana ponena kuti rooibos ndi dzina chabe la chomera, ngati mmene tinganenere kuti chimanga kapena nandolo, choncho munthu mmodzi sangalitseke m'thumba mwake. Pofufuta chizindikiro cha malonda mfundo imeneyi ndi nkhwangwa yakuthwa. Koma nkhwangwa yomweyo ikhoza kukutema mwendo, chifukwa dzina limene lasanduka la aliyense silitetezedwa ngati GI m'dziko limene lasandukiralo. Ku America dzinalo linamasuka, koma silinabwerere kwa alimi a ku Cederberg. Linangokhala pabwalo. Ndimalangiza loya aliyense amene akutsutsa chizindikiro chotere kuti ayese mawu ake bwino: anene kuti dzinali limafotokoza katundu wochokera kumalo akutiakuti ndipo wolembetsayo akusokoneza ogula, asathamangire kulumbira pamaso pa khoti kuti dzinalo lilibe kwawo.

Chifukwa chake khomo linali lotsekula

Lamulo limene mayiko a m'bungwe la zamalonda la WTO amagawana pa nkhaniyi lili mu mgwirizano wa TRIPS wa 1994, ndime 22 mpaka 24. Ndime 22 imateteza katundu aliyense, koma wodandaula amayenera kuonetsa kuti ogula akunamizidwa kapena kuti pali mpikisano wachinyengo. Ndime 23 imapereka chitetezo chokwera kwa vinyo ndi mowa waukali basi: ngakhale utalemba kuti "mtundu wa" kapena "wofanana ndi", ngakhale utanena komwe wapangidwiradi, suloledwa. Tiyi, khofi, mpunga, uchi ndi tsabola, zinthu zimene Africa imagulitsa, zinatsala pa ndime 22. Mayiko ambiri akhala akupempha kuti chitetezo chokweracho chifike kwa katundu yense, koma mpaka lero ku WTO sizinatheke.

Ndime imene inalasa rooibos ndi 24, kagawo ka 9. Imati dziko silikakamizidwa kuteteza GI imene kwawo komwe sikutetezedwa. South Africa inali ndi dongosolo lolimba la malo ochokera vinyo kuyambira 1973, koma la zakudya ndi zakumwa zina inalibe. Ndiye alimi a rooibos akapita kunja kukadandaula, funso linali limodzi: kwanuko munalemba pati? Yankho panalibe.

Phindu lenileni la mlandu wa ku America linali lakuti mu 2005 alimi, okonza tiyi ndi ogulitsa anakhazikitsa South African Rooibos Council. Kuyambira pamenepo panali pakamwa pamodzi polankhulira.

Msampha wachiwiri: France

M'zaka za 2012 ndi 2013 kampani ya ku France, Compagnie de Trucy, inapempha kulembetsa zizindikiro zingapo zokhala ndi dzinali, kuphatikizapo mawu oti South African Rooibos. Ulendo uno eni ake sanagone. Khonsolo ija inatsutsa, boma linalowererapo, ndipo nkhaniyo inatha kampaniyo isanakhale mwini wa dzinalo.

Chimene ndimachitayira kamtengo ndi mmene boma linatsekera mpata kunyumba. Kupanga lamulo latsopano kukanatenga zaka. M'malo mwake anafukula lamulo lakale la 1941, Merchandise Marks Act, limene limapatsa nduna mphamvu yoletsa mawu kapena chizindikiro china kugwiritsidwa ntchito pa malonda. Mu Sepitembala 2013 chidziwitso chinatuluka choteteza mayina a Rooibos, Red Bush, Rooibostee, Rooibos Tea, Rooitee ndi Rooibosch, pamodzi ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake. Dzinalo lokhalokha liyenera kukhala pa katundu amene ndi rooibos yekhayekha, wochokera ku Aspalathus linearis wolimidwa kapena wothyoledwa kutchire ku South Africa. Ngati wasakaniza ndi zina, rooibos akhale wochuluka ndipo muyeso wake ulembedwe papaketi. Lamulolo silinapangidwire ntchito imeneyi, koma linapereka pepala loti munthu akalitulutse m'chikwama akafunsidwa funso lija. Malamulo enieni olembetsera ma GI a zokolola anadzabwera mu Malichi 2019, pansi pa Agricultural Product Standards Act.

Onaninso kuti anateteza mayina 6, osati limodzi. Wofuna kudyerera dzina la eni ake kawirikawiri salemba ndendende. Amasintha chilembo chimodzi, kapena amalimasulira m'chilankhulo china.

Walira mvula walira matope

Ku Ulaya dzina la rooibos linatetezedwa koyamba kudzera pa mgwirizano wa zamalonda wa pakati pa European Union ndi mayiko 6 a mu SADC, umene unasainidwa ku Kasane ku Botswana mu Juni 2016 n'kuyamba kugwira ntchito mu Okutobala chaka chomwecho. Mozambique ili m'gulu limeneli, Malawi mulibe. Gawo la ma GI linali la pakati pa South Africa ndi EU yokha. EU inavomera kuteteza mayina 105 a ku South Africa: 102 a vinyo, kenako Rooibos, tiyi wina wotchedwa Honeybush ndi nyama ya nkhosa ya ku Karoo. South Africa inavomera kuteteza mayina 251 a ku Ulaya.

Manambala awiriwa muwayang'anitsitse. Ulaya anabwera pagome ndi kaundula wa zaka zambiri, mayina a tchizi, nyama, mafuta, vinyo ndi mowa, onse ali ndi mapepala. South Africa pa zakudya inabwera ndi mayina 3. Ndipo aka sikanali koyamba kulipira. Mu 1935 dzikolo linagwirizana ndi France kuti lisiye mayina a vinyo a Chifalansa monga Champagne posinthana ndi msika wa nkhanu zake zam'nyanja, n'chifukwa chake vinyo wawo wathovu lero amatchedwa Cap Classique. Pambuyo pake, m'migwirizano ina ndi EU, opanga vinyo anasiyanso mayina a port ndi sherry amene anawagwiritsa ntchito mibadwomibadwo, n'kuyamba kulemba Cape Ruby, Cape Tawny ndi Cape Vintage. Ine sindinena kuti analakwa kusaina. Ndikunena kuti dziko lililonse lofuna kuti mayina ake alemekezedwe kunja liyambe lawerenga mayina a eni ake amene makampani ake akugwiritsa ntchito, chifukwa adzafunsidwa.

Khonsolo ya rooibos sinakhutire ndi kungokhala pa mndandanda wa mgwirizano. Mu 2018 inapempha kulowa m'kaundula weniweni wa EU, ndipo kumapeto kwa Meyi 2021 dzina la Rooibos kapena Red Bush linalembedwa ngati Protected Designation of Origin, mwachidule PDO. Chinali chakudya choyamba cha mu Africa kufika pamenepo, patatha zaka 27 chilembetsereni chizindikiro chija ku America.

PDO ndi mlingo wokhwima kuposa mnzake wotchedwa PGI. Pa PGI ndi zokwanira kuti gawo limodzi la ntchito lichitikire m'deralo. Pa PDO ntchito yonse yopanga katunduyo ichitikire momwemo, ndipo muonetse kuti ubwino wake wachokera ku dothi, nyengo ndi luso la anthu a kumeneko. Apa ndi pamene mchenga uja, mvula ya m'nyengo yozizira, milu yogona pabwalo ndi kuyanika padzuwa zinasanduka ndime za chikalata. Malire sanathenso kukhala "South Africa" chabe ngati mu 2013. Anatchula madera mayina, a ku Western Cape ndi ku Northern Cape. Chimene anapeza posinthana ndi thukuta limeneli n'chachikulu: m'mayiko 27 a EU munthu sangagwiritse ntchito dzinalo pa katundu wosayenera, sangalimasulire, sangalembe kuti "ngati rooibos", ndipo akuluakulu a boma a kumeneko ali ndi udindo wolondalonda okha pamsika.

Chitetezo chimenechi chili ndi malire ake. Ku United States dongosolo ndi lina. Kumeneko dzina la malo limatetezedwa makamaka ngati chizindikiro chotsimikizira katundu, monga zilili ndi mbatatesi ya ku Idaho, ndipo mwini chizindikiro amadzilondera yekha ndi ndalama zake. Makhoti awo sachedwa kunena kuti dzina lasanduka wamba. Mu 2023 khoti la apilo linagamula kuti gruyere ndi dzina wamba la tchizi ku America, pomwe ku Switzerland ndi ku France ndi dzina lotetezedwa. Katundu mmodzi, dzina limodzi, mayankho awiri.

Funso limene PDO sinayankhe

Tibwerere ku nyerere zija. Kaundula wa EU uja amafunsa kuti katundu wachokera kuti ndipo wapangidwa bwanji. Safunsa kuti nzeru yake anayamba ndani, kapena kuti malowo anali a yani kale. Ku Cederberg mafunso amenewa ndi amoyo. Utsamunda ndi tsankho la apartheid zinasiya minda yambiri ya rooibos m'manja mwa alimi akuluakulu achizungu, pamene zidzukulu za anthu amene ankathyola chitsambachi kutchire zambiri zinakhala antchito a m'mindamo. Alimi ang'onoang'ono alipo, monga a ku Wupperthal ndi a kopaletivi ya Heiveld ku Suid Bokkeveld, ndipo tiyi wawo ndi wapamwamba, koma gawo lawo pa zokolola zonse ndi lochepa zedi.

Anthu a mitundu ya San ndi Khoi, eni dera akalekale, anatenga njira ina, ya malamulo a zachilengedwe. Mgwirizano wa Nagoya wa 2010 umati amene akupindula ndi zomera komanso nzeru za makolo zokhudza zomerazo agawane phindu ndi eni nzeruwo, ndipo South Africa ili ndi lamulo lake lonena zomwezo. Makampani a rooibos poyamba sanavomere kuti nzeruyo inachokera kwa a San ndi a Khoi. Kafukufuku amene boma linachititsa anapeza kuti palibe chifukwa chokanira zimene mitunduyi inkanena, ndipo zokambirana zinatenga zaka. Mu Novembala 2019 anasainirana: 1.5 peresenti ya mtengo umene okonza tiyi amagulira rooibos kwa mlimi izipita kwa a San ndi a Khoi, kudzera ku South African San Council ndi National Khoi-San Council. Ndalama zoyamba, R12.2 miliyoni, zinaperekedwa mu Julayi 2022.

Ena amati 1.5 peresenti ndi nyenyeswa. Ine ndimaona kuti ndi yochepadi poyerekeza ndi mtengo wa paketi m'sitolo ya ku London, chifukwa imawerengedwa pa mtengo wa pamunda, umene ndi wotsikitsitsa pa ulendo wonse wa tiyiyo. Komabe makampani a mbewu yonse anasaina kuvomereza kuti nzeruyo ili ndi eni ake, ndipo pepala lotere silifufutika msanga. Chimene chimandivutitsa maganizo n'china. Mlimi wamng'ono, amene alibe ndalama zolipirira oyendera minda ndi ma satifiketi, akhoza kupezeka ali kunja kwa dzina limene agogo ake analiyambitsa, ngati ndondomeko ya GI yalembedwa ndi akuluakulu okhaokha motengera makina awo. Aliyense wolemba ndondomeko yotere adzifunse pa ndime iliyonse kuti ndimeyi ikutsekera ndani kunja.

Njira zina zimene ena anatenga

Sikuti aliyense anatsata njira ya rooibos. Ethiopia, poona kuti khofi wake amalimidwa ndi alimi miyandamiyanda pa timinda ting'onoting'ono tovuta kutiyendera, inasankha kulembetsa mayina a Yirgacheffe, Sidamo ndi Harar ngati zizindikiro za malonda za boma. Inakangana ndi Starbucks, kampani yogulitsa khofi ya ku America, ndipo mu 2007 anagwirizana kuti kampaniyo izigwiritsa ntchito mayinawo ndi chilolezo. India inapanga lamulo lake la ma GI mu 1999, tiyi wa Darjeeling n'kukhala woyamba kulembedwa, ndipo mu 2011 analowa m'kaundula wa EU. Mayiko a m'bungwe la OAPI, lolembetsa zizindikiro m'mayiko a mu Africa amene ambiri amalankhula Chifalansa, ali ndi kaundula mmodzi, ndipo mu 2013 analemba tsabola wa ku Penja ndi uchi woyera wa ku Oku, zonse za ku Cameroon, ndi khofi wa Ziama-Macenta wa ku Guinea. Palinso mgwirizano wa Lisbon wa 1958, wokonzedwanso ku Geneva mu 2015, umene umalola pempho limodzi kufika m'mayiko ambiri. Koma nawonso umafuna kuti dzinalo likhale lotetezedwa kale kwanu.

Pafupi nafe, GI yoyamba ya Mozambique ndi Cabrito de Tete, mbuzi za ku Tete zimene nyama yake imakoma chifukwa chodya masau ndi malambe m'tchire louma la kumeneko. Achibale athu a ku Tete anatitsogolera.

Mbale ziwiri za mpunga

Ku Malawi lamulo la zizindikiro za malonda la 2018, limene linalowa m'malo mwa la 1957, linatsekula khomo lolembetsera ma GI ndi zizindikiro za gulu. Ndiye funso la "kwanuko munalemba pati" lili ndi poyankhira. Chatsala ndi ntchito imene lamulo silingatigwirire.

Tsiku lina atsogoleri a kopaletivi ina ya alimi a mpunga ya kumpoto anabwera ku ofesi kwanga. Mayi amene anali wapampando sanayambe ndi mapepala. Anapempha mbale ziwiri, anathira mpunga wa m'thumba lawo mu imodzi, ndi wa m'paketi imene anagula mumzinda mu inayo. "Aloya, tanunkhizani kaye," anatero. Woyamba unali wautali, wofanana, fungo lake lodzaza chipinda usanaphikidwe n'komwe. Wachiwiri unali wosakaniza, wina wamfupi, wina wosweka, fungo lake la thumba basi. Pa zonse ziwiri panalembedwa Kilombero. Mayiwo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga dzina lathuli tingalitseke bwanji?"

Ndinawayankha kuti, "Mayi, dandaulo lanu ndi loona, koma dzinali lili ndi minga iwiri." Munga woyamba ndi wakuti Kilombero kwathu kuno ndi dzina la mtundu wa mbewu, monga Faya. Mlimi wa ku Nkhotakota kapena ku Salima amene wadzala mbewu imeneyi sakunama akalemba Kilombero, ndipo malamulo a ma GI, makamaka a ku Ulaya, amakayikira dzina limene likuwombana ndi la mtundu wa mbewu. Munga wachiwiri ndi wakuti Kilombero ndi chigwa ndi mtsinje wa ku Tanzania, m'chigawo cha Morogoro, kumene nakonso amalima mpunga wambiri. Tsiku limene tidzapite kunja kukanena kuti dzinali ndi la Malawi, anzathu a ku Tanzania adzaimirira ndi mapu m'manja. India ndi Pakistan akukokanakokana chimodzimodzi pa mpunga wa Basmati ku EU chipemphereni India mu 2018.

Malangizo amene ndinawapatsa ndi awa. Wosakaniza mpunga n'kulemba dzina la mbewu imene mulibe m'paketimo akunamiza ogula, ndipo ameneyo angathe kutengedwa pa malamulo oteteza ogula ndi a miyezo ya katundu, popanda kudikira GI. Pa dzina loti atetezere, ndinawauza kuti mphamvu yawo ili pa malo awo enieni, Karonga, kapena dera laling'ono ngati Kaporo, Kilombero n'kukhala pambali pake ngati dzina la mbewu. Ayambe ndi chizindikiro cha gulu, chimene n'chotsika mtengo ndipo chimawaphunzitsa kuyenderana minda ndi kusunga kaundula wa matumba. Asunge umboni wa kutchuka kwa mpunga wawo: malisiti akale, nkhani za m'nyuzipepala, mapaketi a mpunga wa ku Karonga umene wakhala ukugulitsidwa mpaka ku Scotland. Ndipo wina azisuzumira m'makaundula a zizindikiro a mayiko amene amagulitsako, kuphatikizapo wa ARIPO ku Harare, bungwe lolembetsa zizindikiro m'mayiko angapo a mu Africa, kuti zimene zinachitika mu 1994 zisawapeze ali m'tulo.

Zonsezi anavomera mosavuta. Pamene panavuta ndi pamene ndinayala mapu patebulo n'kuwapatsa pensulo kuti ajambule malire. Bambo wina amene anali mlembi anafuna mzere udutse pamtsinje. Mayi wapampando anakana, nati kutsidyako kuli alongo awo amene amadzala mbewu yomweyo pa dothi lomwelo, ndipo mbewu imene kopaletivi ikunyadira lero ena anaitenga kumeneko. Wachitatu anafunsa za alimi a m'masikimu a mthirira, ngati mpunga wawo ununkhira mofanana ndi wa mvula, ndipo ngati sununkhira mofanana, ndani akawauze. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Mapuwo anapita nawo kwawo opanda mzere, ndipo tinagwirizana kuti pamsonkhano wotsatira adzaitane mafumu a mbali zonse ziwiri za mtsinje, alangizi a zaulimi, ndi amayi amene amasunga mbewu, aliyense abwere ndi kambale ka mpunga wa m'munda mwake.